Mlimi Wachisanu ndi Chiwiri

Laibulale ya ku Puno imatsekedwa naini koloko,
koma zala zimayamba kufa seveni isanakwane.
Ndinatayipa nditavala magolovesi odula kunsonga:
mbatatesi, chisanu.
Nkhokwe ya zolemba inandikhuthulira
mapepala zikwi makumi anayi ndi chimodzi.
Ndinaseka ndekha.
Ndapempha madzi a m'kapu, andipatsa mtsinje wosefukira.

A Eleuterio, oyang'anira mabuku,
onunkhira bulugamu wa mankhwala a chifuwa,
anadzaima kumbuyo kwanga, makiyi akulira m'thumba.
"Nélida, nkhokwe siimva kudandaula, imamva mawu basi.
Awiri oyendera limodzi uwamange m'mitengero, asatayane.
Ika NDI pomwe ukufuna ukwati,
KAPENA pomwe sukudziwa dzina limene ena anatchula,
OSATI pothamangitsa alendo.
Chotsa za tchipisi. Chotsa za m'firiji."
Anawonjezera dzina la Chilatini,
nadula zaka, kusiya khumi zapitazi.
Mtsinje uja unaphwa ndikuona.
Panatsala mapepala makumi atatu ndi anayi,
ngati miyala yoti munthu n'kuwolokerapo.

Lomwe ndinalifunitsitsa linali ndi loko.
Anandinunkhitsa chidule chokha, mizere khumi,
kenako mtengo: madola makumi atatu ndi asanu ndi anayi.
Ndinawerengera m'matumba a mbatatesi,
ndinaleka ndisanamalize.
Mawu achinsinsi a yunivesite anagogoda kawiri,
chitseko chete.

"Lembera mwini wake," anatero a Eleuterio akuzimitsa magetsi a kumapeto.
"Wolemba aliyense ali ndi njala ya womuwerenga."

Ndinalembera mayi wina wakutali, Liesbeth Oosterhuis,
m'Chingerezi chotsimphina.
Masiku asanu ndi anayi, zii.
Lakhumi, m'bandakucha, foni inanjenjemera pansi pa pilo:
pepala lonse, ndi mawu awiri ondifunira mwayi.

Ndinawerenga nditafunda mabulangete atatu.
Manambala, mizere yokwera ndi kutsika,
kuzizira kwa usiku uliwonse kwa zaka zinayi.
Ndiye tsamba lakhumi ndi chinayi, m'zilembo zopendekera:

Mlimi wachisanu ndi chiwiri, wa zaka 58, wa ku Ayaviri:
"Nyenyezi zikachulukitsa, agalu n'kukhala duu,
kayatseni ndowe kumphepete kwa munda.
Utsi ndiwo chofunda cha mbewu."

Ndinadzuka n'kukhala tsonga.
Mawu awa ndinawamva ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
atandidzutsa pakati pa usiku, machesi m'manja,
mamina atauma pamlomo.
Ndinazungulira dziko lonse pa intaneti,
kupempha kiyi kutsidya kwa nyanja,
kuti ndikapeze atate anga atakhala m'kati.

Kutacha ndinaimba.
"Tate, muli m'nkhokwe."
"Ya ndani?"
Ndinafotokoza. Anakumbukira mayi wamtali wa kabuku kofiira,
amene phiri linamuzunguza mutu
mpaka anasanza kuseri kwa khola la nkhosa.
Anamuphikira tiyi wamasamba, nacheza naye mpaka dzuwa kupendeka.
"Ndiye anandilemba dzina?"
"Ayi. Nambala. Lamulo lawo limatero, kuti akutetezeni."
"Kunditeteza kwa ndani?"
Mphepo inadzaza foni.
Kenako: "Iweyo ukalembe bwino.
Zenón Ccallo. Ma c awiri, usaiwale."

Kumapeto kwa kafukufuku wanga
ndinandandalika maumboni monga amafunira aphunzitsi:
dzina la mayi uja, chaka, mutu, tsamba,
mpatuliro pamalo pake, mpumiro pamalo pake.
Koma kutsogolo kuli tsamba limodzi loyera
lomwe lamulo silifikako.

A Eleuterio akuti ntchito yanga ikalowa m'nkhokwe ya yunivesite,
makina adzameza liwu lililonse, ngakhale la patsamba limenelo.
Tsiku lina wina wa zala zozizira
adzatayipa ma c awiri,
ndipo padzatuluka pepala limodzi lokha,
lopanda loko.